Ruo ndi Muloza: madzi amene anasandutsidwa malire

Kwathu kuno ku Limbuli tikati "kutsidya" zimamveka ngati tikunena mudzi woyandikana nawo. Komatu kutsidyako ndi Mozambique, ndipo malirewo angokwanitsa zaka zoposa 130 basi.

Ruo amayambira pamwamba pa phiri la Mulanje n'kutsika kudutsa m'minda ya tiyi ya Lujeri. Muloza, amene tili naye pafupiyu, amakathira mu Ruo. Kenako Ruo amalandira Thuchila, amagwa pa mathithi a Zoa, mpaka kukalowa mu Shire ku Chiromo.

Nanga zinatheka bwanji kuti mitsinjeyi ikhale malire? Mu 1889 msilikali wa Chipwitikizi, Serpa Pinto, anakwera chigwa cha Shire ndi gulu lake lankhondo n'kumenyana ndi Amakololo. Chaka chomwecho John Buchanan, woimira Britain, analengeza kuti dera la kumpoto kwa Ruo lili m'manja mwa Angerezi. Pa 11 Januwale 1890 Britain inalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake, ndipo pa 11 Juni 1891 mayiko awiriwa anasainirana pangano: malire atsate Muloza, kenako Ruo, mpaka Shire. Amene ankatunga ndi kusamba m'mitsinjeyi sanafunsidwe n'komwe.

Koma anthu sanaleke kuwoloka. Alomwe ambiri anabwera pothawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, n'kudzapezanso thangata m'maesiteti kuno. Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, makamaka kuyambira 1986, othawa anawolokanso madzi omwewa, ndipo ambiri anabwerera mtendere utasainidwa mu 1992. Lero onani njinga zolemedwa ndi matumba a chimanga cha ku Milange zikulowa mumsika wa Limbuli. Chaka cha njala, nsima yathu imachokera kumeneko.

N'chifukwa chake zimandiwawa ndikamva achinyamata anzanga akunyoza munthu kuti "ameneyo ndi wakutsidya". Aise, kafunse agogo ako kumene makolo awo anachokera. Ambiri mwa ife mizu yathu ili komweko.

Ngakhale madziwo sasankha mbali. Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, mitsinjeyi inasefukira uku ndi uko, ndipo maliro tinalira tonse, m'Chichewa ndi m'Chilomwe.