Kuchokera ku Chikuta Kufika ku Chipinda cha Mwana: Mbiri ya Kukonzekera Khanda m'Malawi

Ntchito yokonzera khanda malo ndi zipangizo inalipo pakati pa Achewa, Amang'anja ndi Angoni kalekale amishoni asanafike, koma maonekedwe ake asintha kwambiri m'zaka pafupifupi 150 zapitazi. Kusinthaku sikunathere pa zipangizo zokha, monga kuchoka pa chikopa kufika pa chitenje, chifukwa kunakhudzanso nthawi imene ntchitoyo imayambika, anthu amene amaigwira, ndiponso malo amene khandalo limayenera kukhala. Kale zinthu zambiri za mwana zinkakonzedwa iye atabadwa kale, ozikonza anali akuluakulu a pabanja, ndipo malo ake enieni anali pathupi pa mayi wake. Maganizo akuti mayi woyembekezera ayambe yekha kusoka, kuluka ndi kukongoletsa chipinda miyezi ingapo mwana asanaoneke ndi achilendo, ndipo analowa pang'onopang'ono kudzera m'masukulu a mishoni, m'mabungwe a amayi, m'malonda a nsalu ndi m'zipatala.

M'midzi ya Achewa, mtsikana akatenga pathupi poyamba ankamuchitira mwambo wa chisamba, womwe unali chilangizo chimene anamkungwi, amayi achikulire osunga miyambo ya chinamwali, ankapereka kwa iye ndi mwamuna wake pa za kadyedwe, kudzisunga ndi zimene zidzachitike tsiku lochira. Chilangizochi chinkakonza munthu koposa katundu, pakuti kusonkhanitsa zovala za mwana amene sanabadwe kunkaonedwa ngati kuputa tsoka, ndipo pathupi sipankalengezedwa mwachisawawa poopa anthu a mtima woipa amene ankaganiziridwa kuti angathe kumanga mimba ndi mankhwala. Kusamala kotereku kunali ndi maziko ake m'zimene anthu ankaziona ndi maso, popeza makanda ambiri ankamwalira asanathe ngakhale mwezi umodzi. Khanda lobadwa lakufa, limene linkatchedwa nthayo, linkaikidwa ndi amayi okhaokha popanda kulira maliro, ndipo pamene zinthu zinali chomwechi panalibe nzeru youtsa chiyembekezo cha mudzi wonse ndi katundu woonekera.

Ntchito yeniyeni inkayamba ndi chikuta, yomwe ndi nthawi imene mayi ndi khanda ankabindikira m'nyumba kuyambira tsiku lobadwa mpaka mchombo utagwa, kawirikawiri pafupifupi sabata imodzi. Nyumba yake siinali yomangidwa mwapadera, koma inali ya mayiyo, ya amayi ake kapena ya agogo ake, malinga ndi mwambo wa chikamwini umene unkasunga mkazi pakati pa abale ake. Amayi apabanja ankasesa ndi kuzira pansi, kutanthauza kupaka dothi lonyowa lotapa kudambo ndi kulisalaza ndi mwala wosalala mpaka ming'alu yobisalamo utitiri ndi nkhufi itatsekeka, kenaka ankayala mphasa ya bango kapena mkeka wa mlaza pafupi ndi moto umene sunkaloledwa kuzima. Pambali pankakhala mkhate, mbiya yakukamwa kwakukulu yosambiramo, phale lonyikamo mankhwala osambitsira mwana kuti alimbe thupi, ndi nsupa ya mafuta a nsatsi omudzoza. Azamba ankadula mchombo ndi kabango kakuthwa kapena khungwa la nsungwi. Bambo wa mwana sankalowa m'nyumbamo, chifukwa khanda linkatengedwa kuti ndi lozizira, ndipo munthu wotentha, ndiye kuti amene akukhala malo amodzi ndi mkazi kapena mwamuna wake, akanatha kulidwalitsa mdulo, matenda otupa ndi kufooka amene ankati amadza mwambo ukaphwanyidwa. Mchombo ukagwa, mwana ankametedwa tsitsi lobadwa nalo, kutulutsidwa panja ndi kupatsidwa dzina, ndipo apa m'pamene abale ankabwera ndi mphatso zawo poyera.

Chipangizo chofunika koposa zonse chinali mbereko, chikopa kapena nsalu yomangira mwana kumsana. Angoni, amene anali ndi ziweto zambiri, ankagwiritsa ntchito chikopa cha mbuzi kapena cha mwana wa ng'ombe chimene chinkapalidwa, kufufutidwa ndi manja ndi kudzozedwa mafuta mpaka chitafewa, ndipo miyendo ya chikopacho ndiyo inkakhala zingwe zomangira pachifuwa. Margaret Read, amene anafufuza za moyo wa Angoni m'zaka za m'ma 1930, analongosola kaleredwe ka ana awo m'buku lake lotchedwa Children of Their Fathers. Kwa ena mbereko inali ya chiwondo, nsalu ya khungwa la mtengo wa mombo kapena wa kachere, imene amuna ankaisenda, kuinyika m'madzi, kuisula pa chipika ndi kachibonga mpaka itatambasuka, ndi kuifinya kuti ifewe. Ku chigwa cha Shire, kumene David Livingstone anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu mu 1859, ntchito yoombayo inalinso ya amuna. Motero luso lokonzera khanda silinali la amayi okha monga mmene ambiri amaganizira lero: amuna ankasula chiwondo, kufufuta zikopa ndi kusoka mphasa, pamene amayi ankaumba mbiya, kuyenga mafuta ndi kupota mkuzi, kachingwe ka m'chiuno kamene kankatungidwa mikanda kapena mphinjiri, kathumba ka mankhwala oteteza mwana, ndipo kankathandizanso kuona ngati mwanayo akunenepa kapena akuwonda.

Chipinda chapadera cha ana sichinali mwambo wa kuno, koma wa mabanja olemera a ku Britain, makamaka m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, kumene ana ankagona ndi kudyera m'chipinda cha pamwamba pa nyumba moyang'aniridwa ndi mlezi wolembedwa ntchito, kutali ndi makolo awo. Ntchito ya ulezi inafika pokhala ndi sukulu yakeyake pamene Emily Ward anatsegula Norland Institute ku London mu 1892. M'mabanja wamba a ku Scotland ndi England, amene sakanatha kupatula chipinda, mkazi woyembekezera ankayembekezeredwabe kusoka ndi kuluka yekha zovala zonse za khanda nthawi isanakwane, ndipo kulephera kutero kunkaonedwa ngati ulesi. Maganizo achiwiriwa ndi amene anafika kuno ndi amayi a kumishoni, kuyambira pamene mishoni ya Livingstonia inakhazikitsidwa ku Cape Maclear mu 1875, ya Blantyre mu 1876, ya UMCA pa chilumba cha Likoma mu 1885, ndi ya Dutch Reformed Church ku Mvera mu 1889. Pa malo amenewa atsikana ankasungidwa m'nyumba zogonera momwe ankaphunzira kusoka, kuchapa ndi kusita, pokonzekera kudzakhala akazi a aphunzitsi ndi alaliki. Nthawi yomweyo nsalu zamalonda monga merikani, nsalu yoyera yochokera ku America imene inkadzera ku Zanzibar, ndi biriwita zinali kulowa m'midzi, kotero kuti chiwondo ndi nsalu zoomba pamanja zinayamba kuzimiririka, ndipo amuna anataya pang'onopang'ono gawo lawo pa ntchito yovekera khanda.

Boma la atsamunda linalowererapo pambuyo pa ulendo wa Phelps-Stokes Commission wa mu 1924, umene unalimbikitsa maphunziro okhudza moyo wa kumudzi. Mu 1929 sukulu ya Jeanes inatsegulidwa ku Domasi ndi thandizo la Carnegie Corporation, ndipo aphunzitsi amene ankapita kumeneko ankatenga akazi awo, amene ankaphunzitsidwa ukhondo, kusamalira ana, uzamba ndi kusoka kuti akakhale chitsanzo akabwerera kwawo. Mabungwe a amayi a m'mipingo, monga Chigwirizano cha ku Nkhoma, Mvano wa ku Blantyre, Umanyano wa ku Livingstonia ndi Mothers' Union ya Anglican, anafalitsa maphunzirowa kufika kumene sukulu sizinafike, popeza pamisonkhano yawo mapemphero ankatsagana ndi malangizo a pabanja, kuyendera amene achira kumene, ndiponso kuphunzitsana zoluka. Apa m'pamene panabadwira zovala zimene lero zimaoneka ngati zachikhalire: kachipewa, kajuzi ndi timasokosi tolukidwa ndi singano ziwiri, shawelo yokhala ndi mphonje m'mbali, ndi matewera odulidwa pa nsalu ya thaulo n'kupindiridwa m'mphepete. Juzi ndi shawelo zimatenga masabata angapo kuti zithe, choncho mayi wofuna kuti mwana wake adzatuluke nazo m'chikuta ankayenera kuyamba kuluka adakali woyembekezera. Mwa njira imeneyi luso latsopanolo linasuntha nthawi yokonzekera popanda lamulo lililonse loletsa mwambo wakale, ngakhale amayi ambiri ankalukira m'nyumba ndi kubisa zolukazo pansi pa sutikesi kufikira tsiku lake.

Chuma cha amuna opita kukagwira ntchito kunja chinathandizanso kwambiri. Amene ankabwerera kuchokera ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya Johannesburg, kumene ambiri ankapita kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi la Wenela kufikira boma litaimitsa ulendowu mu 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown, ankabwera ndi mabulangete, mabeseni, masutikesi ndi makina osokera a Singer, ndipo ena mwa iwo anakhala matelala pakhonde la sitolo, osoka timadiresi ndi timalaya ta ana. Fakitale ya David Whitehead and Sons itayamba kupanga nsalu ku Blantyre mu 1967, chitenje chinapezeka paliponse ndipo chinatenga ntchito zonse za mbereko, chofunda, choyala ndi chotchinga pakhomo. M'nthawi ya ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, atsikana a ku pulayimale ankaphunzira kusoka ndi kuluka, alangizi a ntchito za pakhomo ophunzitsidwa m'malo monga Magomero ankayendera magulu a amayi m'midzi, ndipo bungwe la Chitukuko cha Amayi m'Malawi, lokhazikitsidwa mu 1985, linapitiriza ntchito zamanja zomwezo. Kukongoletsa nyumba kunatenga maonekedwe atsopano m'zaka zimenezi, pamene tinsalu toluka ndi singano ya ngowe tinayamba kuyalidwa pa mipando ndi pa kabati, ndipo nsalu zopeta maluwa zinaphimba matebulo ndi mapilo. Bedi la mwana, lopangidwa ndi kalipentala wa pamsika, linkapezeka m'nyumba za aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki, koma linkaikidwa m'chipinda cha makolo, ndipo nthawi zambiri linkasunga zovala pamene mwiniwake akugona ndi mayi wake kuti ayamwe usiku.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 zinthu ziwiri zinasinthanso mwambowu. Choyamba chinali kaunjika, zovala zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Ulaya ndi America, zimene zinadzaza misika malonda atamasulidwa, kotero kuti kugula juzi ya mwana kunatsika mtengo kuposa kugula ulusi woilukira. Chachiwiri chinali kuchirira kuchipatala. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo anapeza kuti mu 1992 ana 55 pa 100 aliwonse ankabadwira kuchipatala, pamene mu 2015 ndi 2016 anafika 91 pa 100 aliwonse, ndipo pakati pa zaka zimenezi boma linaletsa azamba kubereketsa mu 2007, chiletso chimene Pulezidenti Bingu wa Mutharika anachichotsa mu 2010 koma mafumu ambiri anachisungabe ndi zindapusa. Kusikelo ya amayi oyembekezera anamwino anayamba kupereka mndandanda wa zofunika kusonkhanitsa nthawi isanakwane, monga zitenje zoyera bwino zingapo, beseni, lezala latsopano, ulusi womangira mchombo, pepala la pulasitiki loyala ndi chounikira, ndipo mayi wopita kuchidikiro, nyumba yodikirira pafupi ndi chipatala, amanyamula zonsezi. Kukonzekeratu, kumene kale kunali kuputa tsoka, kunasanduka udindo umene mwamuna amafunsidwa nawo ngati waulephera. Pakati pa 1992 ndi 2016 imfa za ana osakwana chaka chimodzi zinatsika kuchoka pa 135 kufika pa 42 mwa ana 1,000 obadwa amoyo, zimene zinachepetsa mantha amene ankachirikiza mwambo wobisa.

Chipinda cha mwana chopakidwa utoto, chokhala ndi makatani osokedwa mofanana ndi zoyala, mashelefu ndi zidole zolendewera pamwamba pa bedi, chafika posachedwapa m'mabanja opeza bwino a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu komanso a Amalawi okhala ku South Africa ndi Britain, pamodzi ndi phwando lopereka mphatso mwana asanabadwe, ndipo zitsanzo zake zimafala pa Facebook ndi WhatsApp. Komabe kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 pa 100 aliwonse amakhala kumudzi, ndipo ngakhale m'tauni mabanja ambiri amachita lendi nyumba ya chipinda chimodzi kapena ziwiri, mmene malo a khanda ndi mbali ya bedi la mayi pansi pa neti yoteteza ku udzudzu. Nzeru za chipatala nazo zatsimikiza ubwino wosunga khanda pathupi, pakuti njira ya kangaroo, imene Dr. Edgar Rey anaiyamba ku Bogotá mu 1978 ndipo inafika pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, imafuna kuti mwana wobadwa masiku asanakwane amangidwe pachifuwa khungu ndi khungu, atavala chipewa, masokosi ndi thewera basi. Zipangizo za njirayi ndi chitenje ndi zoluka zamanja, zimene zimapezeka m'nyumba zambiri. Mbiri yonseyi ikusonyeza kuti Amalawi analandira mosavuta luso ndi zipangizo zachilendo, analandira mochedwerapo chizolowezi chokonzekera mwana asanabadwe, koma ambiri sanalandire maganizo akuti khanda ligone palokha, chifukwa kayamwitsidwe, kukula kwa nyumba ndi malangizo a zaumoyo zonse zikugwirizana ndi mwambo wakale pa mfundo imeneyi.