Mkhristu Woyamba wa ku Cape Maclear

Adzukulu anga, kawirikawiri ndimamva achinyamata akudzitama kuti, "Ife ndife Akhristu chibadwire, agogo athu anali akulu a mpingo." Tatcherani khutu ku mbiri iyi.

M'chaka cha 1875 amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear pa sitima yotchedwa Ilala. Anatsegula sukulu nachiza odwala, ndipo ena mwa iwo anamwalira ndi malungo. Komabe panapita zaka zoposa zisanu asanabatize munthu ndi mmodzi yemwe. Madzi sanasowe ayi, pakuti nyanja inali pakhomo. Chimene Dr Robert Laws ankadikira ndi munthu wovomereza Khristu kuchokera pansi pa mtima.

Munthuyo anali Albert Namalambe, amene anabatizidwa mu Malichi 1881. Iye analibe kholo lachikhristu loti atsamirepo. Anaimirira yekha pamaso pa anthu. Chaka chomwecho, amishoni posamukira ku Bandawe, anamusiyira iyeyo ntchito ya pa Cape Maclear.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Khadi la ubatizo ndi kutchuka kwa agogo zili ngati khungu la mkuyuwo. Dzina ndi munda mudzalandira kwa makolo, koma kukhulupirira palibe angakukhulupirireni.