Barry Irwin

Barry Irwin ndi mwini wake wa Team Valor International, khola la mahatchi ampikisano la ku America. Kummwera kwa Africa kuno amadziwika chifukwa cha Ipi Tombe, hatchi yaikazi yobadwira ku Zimbabwe imene inakapambana ku Dubai m'chaka cha 2003.

Mbiri yawo

A Irwin anabadwa mu 1943 ndipo anakulira ku Los Angeles. Poyamba anali mtolankhani, ndipo ankalemba za mahatchi m'magazini ya The Blood-Horse ndi m'nyuzipepala ya Daily Racing Form. Kenaka anasiya utolankhani n'kuyamba kugulira anthu mahatchi. Mu 1987 iwo ndi Jeff Siegel anakhazikitsa Clover Racing Stable, ndipo patangotha zaka ziwiri hatchi yawo yotchedwa Prized inapambana mpikisano wa Breeders' Cup Turf. Mu 1992 awiriwa anayambitsa Team Valor, koma mu 2007 a Irwin anagula gawo la mnzawoyo.

Mbiri yawo inafika pachimake mu 2011 pomwe Animal Kingdom, hatchi yoweta okha, inapambana Kentucky Derby ngakhale kuti kanali koyamba kupikisana pabwalo ladothi. Mu 2013 hatchi yomweyo inatenganso Dubai World Cup. Mu 2016 a Irwin anatulutsa buku la moyo wawo, Derby Innovator. Amadziwikanso podzudzula mosapsatira mchitidwe wopatsa mahatchi mankhwala owonjezera mphamvu.

Kayendetsedwe ka khola

Hatchi yampikisano ndi yodula kugula, yodulanso kusamala. Choncho a Irwin amasankha hatchi, anthu angapo n'kusonkherana ndalama, aliyense n'kukhala ndi gawo lake. Zolipira mphunzitsi, chakudya ndi dokotala amagawana, mphotho ikabwera amagawananso. Luso lawo lagona pokasaka mahatchi kumaiko kumene ogula ena sayang'anako, monga ku South Africa.

Ipi Tombe ndi Zimbabwe

Ipi Tombe inabadwa mu 1998 pafamu ya Peter Moor kufupi ndi Marondera. Bambo ake anali Manshood, mayi ake Carnet de Danse. Ili ndi chaka chimodzi inagulitsidwa pamtengo wolira, womwe amati unali madola pafupifupi 30 a ku America. Dzinali n'lofanana ndi la sewero lanyimbo la ku South Africa la mu 1974, Ipi Tombi.

Inayambira kuthamanga ku Borrowdale Park ku Harare, mphunzitsi wake ali Noelene Peech. Bwaloli ndi la Mashonaland Turf Club, kalabu yomwe inayamba mu 1892.  

Kuchoka ku Harare, Ipi Tombe inapita kwa mphunzitsi Mike de Kock ku South Africa, ndipo mu 2002 inapambana Durban July pabwalo la Greyville. Apa m'pamene a Irwin anagula gawo lake. Chaka chotsatira inapambana katatu ku Dubai, kuphatikizapo Dubai Duty Free pabwalo la Nad Al Sheba, wokwera ali Kevin Shea. Ulendo womaliza inapambana Locust Grove Handicap ku Churchill Downs. Pa mipikisano 14 inapambana 12, iwiri yotsalayo n'kukhala yachiwiri. Mu 2004 inagulitsidwa pamsika wa Tattersalls ku England kuti ikhale yobereketsa.

Kufunika kwake

Tinganene kuti a Irwin anathandizako kuti ogula a kunja ayambe kulemekeza mahatchi obadwira kummwera kwa Africa.