Dzina la m'mphepete mwa mendulo

Ku Britain, wotolera mamendulo a nkhondo akalandira mendulo m'manja, sataya nthawi ndi nkhope ya mfumu. Amaipendeketsa kuti awerenge m'mphepete, momwe mumadindidwa nambala ya msilikali, udindo, dzina ndi gulu lake. Zolembazi amazitcha naming. Akapezamo zilembo za RAMC, ndiye kuti mwini wake anali wa Royal Army Medical Corps, gulu la zachipatala lomwe linakhazikitsidwa mu 1898. Koma ngati wina anapala dzina loyamba n'kuzokotapo lina, menduloyo ndi renamed, ndipo mtengo wake umagweratu.

Military Medal, yomwe inayamba mu 1916, inali ya asilikali wamba, ndipo onyamula ovulala pamachira ambiri anailandira. Iyi inkabwera ndi dzina. Madokotala, pokhala maofesala, ankalandira Military Cross ya mu 1914, yomwe boma linkaipereka yopanda dzina. Apa m'pamene pagona vuto: mtanda wopanda dzina ungakhale wa aliyense. N'chifukwa chake ogula amaumirira pa group, mamendulo onse a munthu mmodzi ali pamodzi, kuti okhala ndi dzina achitire umboni wopanda dzinawo. Amafunsanso provenance, mbiri ya manja onse amene menduloyo yadutsamo. Womwaza group kuti agulitse imodziimodzi, anzake samuonera kukondwa, ndipo ine sindiwadzudzula.

Chimene munthu anachita chimafotokozedwa mu citation, mawu ochepa otuluka m'nyuzipepala ya boma, London Gazette. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ambiri olandira Military Medal ankangolembedwa maina, popanda nkhani yawo. Wonyamula machira anakwawa zipolopolo zikuuluka, koma lero wofufuza amachita kusakasaka m'mabuku a gulu lake kuti adziwe tsiku ndi malo.

Ndiye pali bar, kachitsulo kopingasa pa riboni, kosonyeza kuti munthu walandira ulemu womwewo kachiwiri. Chiyambireni mendulo ya Victoria Cross mu 1856, anthu 3 okha ndiwo anapatsidwa bar yake, ndipo awiri mwa iwo anali madokotala: Arthur Martin-Leake, ku South Africa mu 1902 ndi ku Belgium mu 1914, komanso Noel Chavasse mu 1916 ndi 1917. Chavasse anafa ndi mabala amene anawapeza akupulumutsa anzake. Mu 2009 wotolera mamendulo wina, Lord Ashcroft, anagula mamendulo ake pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 1.5 miliyoni.