Nkhomaliro ya ku Malaysia: zakudya zopatsa thanzi ndi kasankhidwe kake

Malaysia ndi dziko la kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, ndipo likulu lake ndi Kuala Lumpur. Dzikoli lili ndi zigawo ziwiri zolekanitsidwa ndi nyanja: china chachita malire ndi Thailand, china chili pa chilumba cha Borneo, komwe kuli madera a Sabah ndi Sarawak. Kumeneko kumakhala Amalay, omwe ndi Asilamu, komanso anthu ochokera ku China ndi ku India, kuphatikizapo mitundu ina monga Iban ndi Kadazan-Dusun. Mtundu uliwonse uli ndi kaphikidwe kake, n'chifukwa chake chakudya cha masana kumeneko chimakhala cha mitundu yambiri.

Zakudya zimene zinatchuka kwambiri kunja kwa dzikolo si zimene zili zopepuka m'thupi. Nasi lemak ndi mpunga wophikidwa mu mkaka wa kokonati, womwe iwo amautcha santan. Roti canai ndi chapati chamafuta ambiri, ndipo mee goreng ndi chakudya chonga supageti chokazingidwa m'mafuta. Kafukufuku wa zaumoyo wa boma la Malaysia wa mu 2019 anapeza kuti theka la akuluakulu linali lonenepa kupyola muyeso, ndipo pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse anali ndi matenda a shuga. Komabe m'miphika yomweyo muli zakudya zabwino zedi. Nkhani yagona pa kusankha, ndipo izi ndi zomwe tikufuna kufotokoza pano.

Kagawidwe ka mbale

Unduna wa zaumoyo ku Malaysia umaphunzitsa anthu njira yotchedwa Suku Suku Separuh, kutanthauza kota, kota, theka. Mbale timaigawa panayi. Gawo limodzi ndi la mpunga kapena chakudya china chokhutitsa, gawo lina ndi la nsomba, nkhuku, nyama, dzira kapena nyemba, ndipo magawo awiri otsalawo ndi a masamba ndi zipatso. Chakumwa chake ndi madzi.

Njirayi imayenda bwino ndi nasi campur, nkhomaliro yomwe anthu ambiri ogwira ntchito ndi ophunzira amadya. Wogulitsa amakuikirani mpunga m'mbale, kenako mumasankha nokha ndiwo zomwe zayalidwa m'mabeseni. Amene akusamala thupi lake amapempha mpunga wochepa, n'kuyamba kudzaza masamba asanafike pomwe pali nkhuku yokazinga.

Masamba

Ulam ndi masamba ndi zitsamba zodyedwa zosaphika kapena zongofutsa pang'ono m'madzi otentha. Zodziwika ndi ulam raja, pegaga, nkhaka, zitheba ndi nyemba za fungo lamphamvu zotchedwa petai. Amadya potowa mu sambal, yemwe ndi tsabola wosinja pamodzi ndi madzi a ndimu ndi zina zokometsera. Mu ulam mulibe mafuta ophikira, choncho munthu akhoza kudzaza theka la mbale popanda nkhawa.

Kerabu ndi saladi wowawasa. Kerabu mangga amapangidwa ndi mango aawisi odulidwa timizere, anyezi, tsabola ndi ndimu. Masamba ophika aliponso: kangkung, yemwe ndi wa banja limodzi ndi kholowa, therere, mabiringano, ngakhalenso chigwada, chomwe iwo amachitcha pucuk ubi. Tikaona dzina loti masak lemak tidziwe kuti ndiwozo zaphikidwa mu santan, ndiye tipungule pang'ono chabe.

Nsomba ndi nkhuku

Ikan bakar ndi nsomba yootcha pamakala, kawirikawiri yoikidwa pa tsamba la nthochi itapakidwa tsabola ndi zonunkhiritsa. Asam pedas, yotchuka ku Melaka ndi ku Johor, ndi nsomba yophikidwa mu msuzi wa bwemba ndi tsabola, nthawi zambiri pamodzi ndi therere kapena mabiringano. Kukoma kwake kumachokera m'kuwawasa kwa bwemba, osati mu santan. Ophika a Chitchaina amakonda nsomba yophikidwa ndi nthunzi, yothiridwa jinja ndi anyezi wamasamba.

Sup ayam ndi supu wa nkhuku wopanda santan, wokhala ndi mbatata yachizungu ndi karoti. Ku Sarawak anthu a mtundu wa Iban amaphika manok pansoh: nkhuku amailonga mu nsungwi pamodzi ndi zonunkhiritsa, kukamwa kwa nsungwiyo n'kutseka ndi masamba a chinangwa, kenako n'kuiika pamoto. Nkhukuyo imapsa ndi madzi ake omwe, popanda mafuta owonjezera.

Amene sakufuna nyama angasankhe tauhu kapena tempe, zonse zopangidwa ndi soya. Zimamanga thupi, koma ogulitsa ambiri amazikazinga m'mafuta ochuluka, ndiye ndi bwino kufuna zophikidwa mu msuzi.

Zakudya za mbale imodzi

Nasi kerabu ndi wa ku Kelantan ndi Terengganu. Mpunga wake umaoneka wabuluu chifukwa cha duwa lotchedwa bunga telang. Amausakaniza ndi masamba osaphika odulidwa bwinobwino, nsomba yonyenyanyenya ndi kokonati wokazinga popanda mafuta. Ndi nkhomaliro yabwino ikakhala ndi nsomba kapena nkhuku yootcha m'malo mwa yokazinga.

Asam laksa wa ku Penang ndi supu wa nsomba yotchedwa kembung ndi bwemba, wothiridwa pa timizere ta ufa wa mpunga, pamwamba pake nanazi, nkhaka, anyezi ndi timbewu tonunkhira. Tisamusokoneze ndi curry laksa, yemwe msuzi wake ndi wa santan.

Yong tau foo anachokera kwa anthu a Chitchaina a mtundu wa Hakka. Ndi tauhu, therere, mabiringano ndi tsabola zofutsidwa nsomba yosinja mkati. Wogula amasankha yekha zidutswa, ndipo zophikidwa mu supu zimaposa zokazinga.

M'malo odyera a Amwenye muli capati ndi thosai. Capati ndi wa ufa wa tirigu wosakonola ndipo amapsa pachiwaya ndi mafuta ochepa kwambiri poyerekeza ndi roti canai. Thosai ndi chikondamoyo chopyapyala cha ufa wa mpunga ndi nyemba. Zonsezi zimayenda ndi dhal, msuzi wa nyemba zing'onozing'ono zonga nandolo.

Mchere ndi shuga

Mbale ikhoza kudzaza masamba koma n'kukhala ndi mchere wambiri. Belacan, wopangidwa ndi nkhanu zazing'ono za m'nyanja yamchere, budu, yemwe ndi msuzi wa tinsomba tosungidwa mu mchere, kicap, msuzi wa soya, ndi ikan bilis, tinsomba touma tofanana ndi usipa, zonsezi zili ndi mchere wochuluka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu adye mchere wosafika magalamu 5 patsiku, pafupifupi supuni imodzi yaing'ono. Odwala matenda othamanga magazi asamale kwambiri, ndipo asamwe msuzi wonse wa m'mbale.

Shuga amabisala m'zakumwa. Teh tarik ndi tiyi wothiridwa mkaka wotsekemera wa m'chitini. Boma la Malaysia linayamba kudula msonkho pa zakumwa zotsekemera za m'mabotolo ndi m'zitini mu July 2019. Mawu othandiza pogula ndi awa: kurang manis, kutanthauza shuga wochepa, teh o kosong, tiyi wopanda mkaka ndi shuga, air kosong, madzi okha. Pomaliza kudya, papaya, gwafa kapena chivwende ndi zabwino kuposa makeke otsekemera otchedwa kuih.

Za halaal

Ngakhale Asilamu ndiwo ambiri ku Malaysia, si malo onse odyera omwe ali halaal. Ophika ena a Chitchaina amagwiritsa ntchito nyama kapena mafuta a nkhumba ndi vinyo wophikira, ndipo yong tau foo wachikale amasakaniza nsomba ndi nkhumba. Ziphaso za halaal zimaperekedwa ndi nthambi ya boma yotchedwa JAKIM pamodzi ndi maofesi a zachipembedzo a m'zigawo. M'bale kapena mlongo wopita kumeneko kukaphunzira kapena pa malonda ayang'ane chizindikiro chimenecho, ndipo pomwe palibe afunse asanadye.

Zimene tingatengereko

Zambiri mwa zopangira zakudyazi ife a m'mbali mwa nyanja tili nazo kale: nsomba, bwemba, ndimu, mango, therere, kholowa ndi chigwada. Chambo chootcha pa tsamba la nthochi, kapena kampango wophikidwa ndi bwemba, tomato ndi therere, sizitalikirana ndi ikan bakar ndi asam pedas. Chovuta kwa ambiri a ife ndi kagawidwe, poti tinazolowera nsima kapena mpunga wodzaza mbale, masamba n'kukhala pambali pang'ono. Tiyese kutembenuza: masamba achuluke, nsima ichepe, madzi alowe m'malo mwa zakumwa zotsekemera. Masamba odya osaphika titsuke ndi madzi aukhondo, ndipo amene ali kale pa mankhwala a shuga akambirane ndi achipatala asanasinthe kwambiri kadyedwe kake.