Amayi amene ankaphunzitsa m'zilankhulo ziwiri boma lisanavomereze

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, ku Tsangano, ku Furancungo ndi m'midzi yozungulira tikuika m'manda mbadwo wa aphunzitsi aakazi amene anayamba ntchito dziko litangolandira ufulu. Powerenga mbiri pamaliro timatchula ana amene anabereka, zidzukulu zimene analera ndi zaka zimene anagwira choko. Koma ntchito imodzi timaiiwala. Amayi amenewa ankaphunzitsa m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi kalekale, boma lisanavomereze.

Tiyeni titsate moyo wa mtsikana wobadwa cha m'ma 1950 kumapiri ozizira a Tsangano. Pangano la 1940 la Portugal ndi Vatican, pamodzi ndi lamulo la 1941 limene linatsatira, zinaika maphunziro a ana achikuda m'manja mwa mishoni za Katolika. Kuno kwathu ansembe a Chijezuiti anali ku Lifidzi ndi ku Fonte Boa. Lamulo linkati phunziro likhale m'Chipwitikizi, ndipo chilankhulo cha makolo chinkaloledwa pophunzitsa za chipembedzo. Mu 1963 ansembe a chipani chomwecho anasindikiza mtanthauziramawu wa Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Lisboa. Motero Chinyanja chinalowa m'buku, koma m'kalasi sichinapatsidwe malo. Atsikana amene anafika kalasi yachinayi masiku amenewo anali owerengeka.

Ufulu unabwera pa 25 June 1975, ndipo pa 24 July chaka chomwecho boma la Samora Machel linatenga sukulu zonse. Anthu oposa 9 mwa 10 alionse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Ana anakhamukira kusukulu, aphunzitsi n'kuchepa. Aliyense amene anaphunzirako pang'ono ankaitanidwa, kupatsidwa maphunziro aafupi, n'kutumizidwa kukaima kutsogolo kwa ana. Mtsikana uja, tsopano ali mayi wa mwana kumbuyo, analowa ntchito motero.

FRELIMO inasankha Chipwitikizi kuti chikhale chilankhulo chogwirizanitsa dziko, ndipo sukulu zinapitiriza kuphunzitsa m'Chipwitikizi chokha. Ndiye taganizani mwana wa zaka 7 wa ku Ntengo-wa-Mbalame, amene chibadwire sanamvepo mawu akuti “caderno”, akuuzidwa kuti atsegule. Mphunzitsi wachifundo akanatani? Ankanena m'Chipwitikizi monga buku likufunira, kenako n'kutsitsa mawu: “Ndikuti tsegulani kope, ana inu.” Masamu ankawafotokoza ndi nyemba ndi mbatata ya kachewere, kuwerenga m'Chinyanja kaye, kenako m'Chipwitikizi. Woyendera sukulu akafika, Chinyanja chinkabisala mpaka iye atachoka. Funsani amene anaphunzira zaka zimenezo, akuuzani.

Kenako kunadza nkhondo ya pakati pa boma ndi RENAMO. Sukulu zambiri za m'midzi ya Tete zinatsekedwa, ndipo mphunzitsi ankasakidwa chifukwa ankaonedwa ngati nkhope ya boma. Mabanja a ku Tsangano ndi ku Angónia anaolokera ku Ntcheu ndi ku Dedza. Malawi anasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni. Kumeneko amayi athu anaona zachilendo: ana a m'midzi imene inawalandira ankaphunzira kuwerenga m'Chichewa, chilankhulo chomwe chija chimene kwawo ankachinong'oneza m'kalasi. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, anthu anabwerera n'kupeza makoma opanda madenga. Ambiri mwa aphunzitsi amenewa anayambiranso pansi pa mtengo.

Pamenepo m'pamene boma linayamba kuyesa zimene iwo ankachita mobisa. Kuyambira 1993 mpaka 1997 bungwe la INDE linayendetsa ntchito yoyesera yotchedwa PEBIMO m'zigawo ziwiri: ku Gaza m'Chichangana, ndipo kuno ku Tete m'Chinyanja. Ofufuza anaona kuti ana a m'makalasi amenewo ankayankha momasuka ndi kufunsa mafunso, m'malo mongobwereza mawu a mphunzitsi. Mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'sukulu zina za boma. Malamulo aakulu a dziko a 2004 amati Chipwitikizi ndicho chilankhulo cha boma, komanso amati boma lilemekeze ndi kutukula zilankhulo za dziko lino.

Zonsezi zikuchitika, mayi uja anali atakhala gogo. Anapuma ntchito mabuku a Chinyanja asanafike pasukulu yake, kapena anangowagwira zaka zochepa. Komabe kunyumba sanaleke. Madzulo ankathandiza chidzukulu ntchito ya kusukulu m'Chipwitikizi, akatha n'kuyamba nthano ndi ndagi pamoto. Kwa iye zilankhulo ziwirizi sizinkalimbana.

Lero kholo lina likamva kuti mwana wake waikidwa m'kalasi ya zilankhulo ziwiri limadandaula kuti achedwa kudziwa Chipwitikizi ndipo adzasowa ntchito. Nkhawa imeneyi si yoseka, makamaka pamene mabuku ali ochepa ndiponso mphunzitsi sanaphunzitsidwe kulemba bwino Chinyanja. Tiyenera kumenyera mabuku ndi maphunziro a aphunzitsi. Koma kholo lomwelo likumbukire mmene linadziwira Chipwitikizi chake. Kawirikawiri panali mayi wina amene anawerama pafupi ndi khutu lake n'kumasulira. Mwana amaphunzira kulumikiza zilembo kamodzi kokha. Akadziwa kuwerenga “madzi”, mawu amene amawamva, luso lomwelo amapita nalo pa “água”.

Amayi a mbadwo umenewu amene akadali moyo ali ndi zaka 70 kapena kuposerapo. Tisadikire 12 October, tsiku la aphunzitsi, kapena tsiku la maliro. Sabata ino pitani kwa mmodzi wa iwo ndi foni yanu, mupemphe chilolezo, mujambule mawu ake. Mufunseni kumene anaphunzira, chaka chimene anayamba ntchito, kumene anathawira, nyimbo zimene ankaphunzitsira mawerengero, ndi mmene ankafotokozera mawu ovuta a Chipwitikizi. Zimene akuuzeni muzilembe m'Chinyanja, mupereke kope limodzi kubanja lake, lina kusukulu imene ankaphunzitsa.