Matayala a liwiro pa mseu wa ku Zemba

Nyengo ya malonda ikafika, soya ndi fodya zikagulitsidwa, acinyamata angapo a kuno kwathu amabwera ndi galimoto kucokera ku Lusaka kapena ku Nakonde. Ambiri amasankha Corolla kapena kalole konyamulira mbeu, koma ena mtima wao umakhala pa Mark X, Altezza kapena Subaru. Galimoto ikangofika, nkhani yotsatira imakhala ya matayala. Kwa ogulitsa ku Chipata amamva maina monga low profile ndi summer tyre, ndipo mtengo wa matayala anai otere ungameze matumba ambiri a cimanga. Funso la tayala loyenera galimoto yothamanga lafika kangapo pa pulogalamu yathu ya pa wailesi. Taona kuti ndi bwino kuliyankha poyambira ku mbiri, cifukwa tayala lililonse linapangidwira mseu wake ndi nyengo yake, ndipo ambiri mwa matayala amene timagula anapangidwira miseu ya anthu ena.

Liu lakuti mpira ndi lakale kuposa galimoto. Makolo athu anali kudziwa mitengo yoyanga ya m'nkhalango imene imatulutsa utomoni woyera, ndipo ca m'ma 1900 amalonda acizungu anali kugula utomoni umenewu ku Nyasaland ndi ku madera ena a North-Eastern Rhodesia. Utomoni wosaphika unali ndi bvuto lake: dzuwa likatentha unali kunanda, kukazizira unali kuuma. Charles Goodyear wa ku America ndiye anapeza mu 1839 kuti ukauphika pamodzi ndi sulufule umalimba ndi kukhalabe wotamuka. Mu 1845 Robert William Thomson wa ku Scotland analembetsa tayala lopopa mphepo, koma anthu sanalilabadire. Linadzachuka mu 1888 pamene John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto ku Belfast, anapangira mwana wake tayala lotere pa kanjinga ka mawilo atatu. Abale awiri a ku France, André ndi Édouard Michelin, anapanga tayala locotseka mu 1891, ndipo mu 1895 anaika matayala a mphepo pa galimoto ya mpikisano wocokera ku Paris kupita ku Bordeaux ndi kubwerera.

Njala ya mpira imene inatsatira inagwera anthu a mu Africa. Ku Congo, dziko limene mfumu Leopold II wa ku Belgium analilamulira monga munda wake kuyambira 1885 mpaka 1908, midzi inali kukakamizidwa kusonkhanitsa utomoni. Imene yalephera kukwanitsa muyeso inali kuotchedwa, anthu kuphedwa kapena kudulidwa manja. Malonda a utomoni wa m'nkhalango anadzagwa pamene minda ya mpira ya ku Asia inayamba kubala. Minda imeneyo inacokera ku mbeu pafupifupi 70,000 zimene Henry Wickham anatenga ku Brazil mu 1876 ndi kupita nazo ku Kew, mu London. Amene anayendako ku Nkhata Bay m'Malawi anaona mitengo ya mtundu womwewo m'munda wa Vizara, itacekedwa makungwa, tumakapu tutamangidwa m'munsi.

Kuno kum'mawa tayala linafika mocedwa. Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inali likulu la North-Eastern Rhodesia kuyambira 1899 mpaka 1911, koma katundu wa boma ndi wa amalonda anali kuyenda pa mitu ya amtengatenga, ndipo bwana anali kunyamulidwa pa macila. Njira zazikulu zinali kuloza ku Tete ndi ku Blantyre. Mseu wa Great East, wa makilomita pafupifupi 570 kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata, unadzalumikizika bwino pamene mlatho woyamba wa pa Luangwa unamangidwa mu 1932 ndi ndalama za Beit Trust. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linayambitsa malole a Ulere onyamula amuna opita kukagwira nchito m'mapurazi ndi m'migodi, ndipo agogo athu ambiri anayamba kukwera galimoto mwa njira imeneyo. Matayala a nthawi imeneyo anali aatali m'mbali, okhala ndi nsalu zopingasana m'kati ndiponso cubu. Anali kutentha msanga ndi kutha msanga, koma dalaivala wokhala ndi zigamba, guluu ndi pampu anali kuwakonza pansi pa mtengo ndi kupitiriza ulendo.

Kusintha kwakukulu kunabwera mu 1946 pamene kampani ya Michelin inalembetsa tayala la radial. M'tayala limeneli ulusi umayenda molunjika kucokera ku mlomo wina kufika ku mlomo unzake, ndipo pansi pa mbali yoponda mseu pamakhala lamba wa waya. Limakhalitsa, silitentha kwambiri, ndiponso limasunga mafuta. Cilembo R cimene timaona pa tayala la galimoto lero cimaimira liu lomwelo.

Titalandira ufulu mu 1964, tayala linasanduka nkhani ya dziko lonse. Ian Smith atalengeza ufulu wake wa azungu ku Rhodesia pa 11 November 1965, mafuta analeka kubwera kudzera kum'mwera. Malole anayamba kutenga migolo ya petulo ku Dar es Salaam pa mseu wa dothi umene madalaivala anaucha Hell Run, ndipo mseu umenewo unadya matayala, malole ndi miyoyo mpaka paipi ya TAZAMA itatsegulidwa mu 1968. Caka comweco mlatho watsopano wa pa Luangwa unatsegulidwa. Boma la Kenneth Kaunda linafuna kuti zinthu zizipangidwa m'dziko mwathu: matayala a Dunlop ku Ndola, mabatire ku Mansa, galimoto za Fiat ku Livingstone, ndi njinga za Eagle ku fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata. Kwa ife a ku Chadiza, tayala limene linasintha moyo kwambiri linali la njinga. Ndilo linapereka odwala ku cipatala, cimanga ku cigayo, ndi aphunzitsi ku boma kukalandira malipiro.

Mtengo wa kopa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zakunja zinasowa ndipo zipangizo za galimoto zinasowa nazo. Akuluakulu amakumbukira basi za UBZ zitaima pa miyala cifukwa cosowa matayala ndi masipeya. Kusowako kunatiphunzitsa kusataya mpira. Tayala lotha pa galimoto linali kupita pa ngolo ya ng'ombe, likatha pamenepo linali kusanduka nkhwaira, ndipo cubu cinali kung'ambidwa kukhala malegeni ndi zingwe zomangira katundu pa keliyala. Mwambo umenewu ulipo mpaka lero.

Boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991, malonda anatseguka. UBZ inatha mu 1995, mafakitale ambiri a ku Ndola anatsekedwa, ndipo Dunlop nayo inaleka kupanga matayala kumeneko. Mpata umenewo unadzazidwa ndi galimoto zogwirapo kale nchito za ku Japan, matayala atsopano a ku South Africa ndi ku China, ndi milu ya matayala a salaula. Kusankha kunaculuka, koma kunabwera ndi msampha umene makolo athu sanaudziwe. Ku Japan kumagwa cipale cofewa, ndiye galimoto zina zimafika kuno zitabvala matayala a nyengo yozizira. Mumawazindikira ndi liu lakuti studless, kapena cizindikiro ca phiri lokhala ndi kanyenyezi ka cipale, ndiponso timizere tating'onoting'ono tambirimbiri tokhotakhota pa mano ake. Mpira wake ndi wofewa kuti ugwire pa madzi oundana. Pa tala wotentha wa mu October umadyeka msanga, ndipo galimoto imatenga mtunda wautali kuti iime mukaponda buleki. Amene amatsika mapiri a Manenekera kulowa m'cigwa ca Luangwa, kumene kutentha kumapitirira madigiri 35, ayenera kuiganizira bwino nkhaniyi.

Dzina lakuti summer tyre linacokera ku maiko ozizira omwewo. Kumeneko mpira wa tayala limeneli umayamba kuuma kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 7, ndiye eni galimoto amasintha matayala kawiri pa caka. Kuno kwathu, ngakhale mu June, masana safika pamenepo, motero tayala la nyengo yotentha ndilo la caka conse. Pa tala wonyowa ndi mvula ya mu January limagwira bwino ndithu malinga mano ake akadali akuya. Mbali imeneyi ya dzina isatiopse.

Mbali yobvuta ndi ya high performance. Matayala otambalala, aafupi m'mbali, anachuka m'zaka za m'ma 1970 pamene kampani ya Pirelli ya ku Italy inatulutsa P7, limene linabvalidwa pa galimoto monga Porsche 911 Turbo. Khoma lalifupi silipindika pokhota, ndiye ciwongolero cimamvera msanga. Mpira wake ndi womata kuti ugwire tala, ndipo cifukwa ca cimeneco umatha msanga. Zonsezi zinapangidwira miseu yosalala. Manambala a pa tayala amaonetsa kusiyana kwake. Pa 195/65 R15, nambala yoyamba ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita, yaciwiri ndi kutalika kwa khoma monga peresenti ya kutambalalako, yacitatu ndi kukula kwa rimu m'mainchi. Khoma la tayala limeneli ndi mamilimita pafupifupi 127. Pa 225/45 R17 khoma ndi mamilimita 101, ndipo pa 225/40 R18 ndi 90 cabe. Khoma limeneli ndilo limalandira nkhonya ya dzenje kapena mwala. Likacepa, tayala limapanikizika pakati pa mwala ndi rimu, ulusi wa m'kati umaduka, pambali pamatuluka cotupa, ndipo nthawi zina rimu imapindika kapena kusweka. Cotupa cotere sicimatidwa cigamba, ndipo cingaphulike galimoto ili pa liwiro.

Dziko lathu lili ndi umboni wake pa nkhani ya liwiro pa mseu wa dothi. Satwant Singh anatenga cikho ca African Rally Championship kasanu ndi katatu, ndipo Muna Singh anacitenga mu 2004 ndi 2005. Galimoto za mpikisano wotere zikamathamanga pa miyala zimabvala marimu a mainchi 15 ndi matayala aatali, olimbitsidwa m'mbali. Akatswiri amene moyo wao umadalira tayala amacepetsa rimu akacoka pa tala, pamene ife timafuna kuikulitsa kuti galimoto ioneke bwino pa Kulamba ku Mkaika.

Miseu yathu ndi yosakanikira. Great East inakonzedwanso kucokera pa mlatho wa Luangwa kufika ku Mwami m'zaka za m'ma 2010. Mseu wa Chipata kupita ku Chadiza unalowa m'ndondomeko ya Link Zambia 8000 imene Michael Sata anakhazikitsa mu 2012, ndipo nchito yake yatenga zaka zambiri. Wa Katete kupita ku Chanida umapondedwa ndi malole olemera a ku Beira. Yolowa m'midzi ya mafumu Zingalume, Mlolo ndi Mwangala ndi ya dothi, yokumbika ndi mvula caka ndi caka. Galimoto yogona ku Zemba imaponda mitundu yonseyi pa ulendo umodzi.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndiye musanapereke ndalama werengani zolembedwa pa tayala. Yambani ndi kapepala kamene kamakhala pa cimango ca citseko ca dalaivala kapena m'buku la galimoto. Kamachula kukula kwa matayala ndi muyeso wa mphepo. Ngati galimoto imalola marimu a mitundu iwiri, tengani yaing'ono yokhala ndi khoma lalitali, malinga ikukwana pa mabuleki. Onani nambala ya katundu ndi cilembo ca liwiro: 91V imatanthauza makilogalamu 615 pa tayala limodzi ndi liwiro la makilomita 240 pa ola. T ndi 190, H ndi 210, W ndi 270. Musatsike pansi pa zimene opanga galimoto analemba, koma musalipirenso zambiri cifukwa ca cilembo ca liwiro limene palibe mseu wa m'Zambia umalilola. Funani manambala anai a kumapeto kwa liu lakuti DOT: 2318 ndiye kuti tayala linapangidwa sabata ya 23 ya caka ca 2018. Opanga matayala amalangiza kuti likapitirira zaka 5 liziyang'aniridwa caka ciliconse, ndipo likakwana zaka 10 licotsedwe ngakhale mano akuoneka abwino. M'mizere ya tayala muli timapiri ta mamilimita 1.6, ndipo mano akalingana nato tayala latha. Matayala awiri a kutsogolo akhale a mtundu umodzi, a kumbuyo cimodzimodzi, ndipo mphepo muziyesa m'mawa tayala lisanatenthe.

Amene galimoto yake imakhalira pakati pa Chipata ndi Lusaka, ndipo ali ndi ndalama yosinthira matayala kawirikawiri, angagule la high performance ndi kusangalala nalo. Kwa ife amene galimoto imanyamula matumba a fetelaiza Lacisanu, mai wapakati usiku wa Loweruka ndi anthu a ku maliro Lamulungu, tayala labwino ndi latsopano, la nyengo yotentha, la khoma lalitali, la kukula kumene kumapezeka msanga ku Chadiza kapena ku Katete likaphulika. Marimu aakulu angadikire mpaka tala atafika ku Zemba.